Ng'anjo ya M'nyumba ya Alamu

Nyumba imene achemwali ndi alamu anagula ku Sheffield inali yamiyala yakuda, yakale kwambiri, pamwamba pa chitunda chimene basi inkachikwera ikubuula. Makoma ake anali ochindikala moti munthu unkatha kukhala pawindo, komabe mphepo inkalowa mmene yafunira. M'nyengo yozizira tinkadzuka magalasi atachita madzi m'kati, ndipo zovala za m'kabati zinkanunkha nkhungu.

Achemwali amenewa ndi mwana wa amayi anga aakulu. Anabwera ku Mangalande kudzaphunzira, n'kupeza ntchito yogawa mankhwala pachipatala. Alamu ankagwira za makompyuta. Anali ndi ana awiri aakazi obadwira konko, amene Chichewa ankachimva koma kuyankha ankayankha m'Chingerezi. Ine ndinali wopanda mapepala. Ndinapempha boma kuti lindisunge ngati wothawa kwawo, linandikana, ndipo kachipinda kamene ndinkakhala ku Manchester anandiuza kuti nditulukemo. Achemwali ndi amene anandiimbira foni.

"Bwera kuno," anatero. "Ungagone panja ife tilipo?"

Ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo. Anandipatsa kachipinda ka pansi, kuseri kwa balaza. Ndinkaphika, kuchapa, kusita, kuperekeza ana kusukulu ndi kukawatenga. Sindinkadandaula. Ndinali ndi bedi ndiponso chitseko chotseka.

Ndiye alamu anapita kukacheza kwa mnzawo wa kuntchito, mzungu wokhala kumidzi, ndipo anabwerako atapenga ndi chinthu chimene anachiona kumeneko. Iwo ankachitchula dzina la Chingerezi. Ine nditaona zithunzi pafoni yawo ndinati, "Koma imeneyitu ndi ng'anjo," ndipo dzinalo linakhala lomwelo. Si mbaula yachitsulo ija imatentha msanga n'kuzizira msanga. Ndi chimulu cha njerwa chachitali kuposa munthu, m'kati mwake muli tinjira tokhotakhota. Umasonkha moto waukulu kamodzi m'mawa, utsi wotentha umazungulira m'tinjiramo usanatulukire kuchumuni, njerwa zimamwa kutenthako n'kumakutulutsa pang'onopang'ono mpaka tsiku linzake. M'mbali mwake amamangamo benchi ya njerwa yomwe imafunda.

Alamu sankakamba nkhani ina patebulo. Anapeza mmisiri, bambo wachikulire wachizungu wa ndevu zotuwa, amene anabwera, kugogoda makoma, kusuzumira m'chumuni chakale chimene chinatsekedwa ndi thabwa, n'kunena kuti ng'anjo iyenera kukhala pakatikati pa nyumba. Pakatikati pa nyumba panali khoma lolekanitsa balaza ndi kachipinda kanga. Khomalo linayenera kugwa.

Palibe anandiuza. Ndinazimva ndili kukhitchini ndikutsuka mbale. Nditaona kuti masiku akupita, ndinafunsa achemwali pamene tinkapinda zovala.

"Achemwali, khoma likagwa ine ndizigona kuti?"

"Kunsi kuli malo ambiri."

Pansi pa nyumbayo panali chipinda chokumba, chimene anthu akale ankasungiramo malasha. Tinkangoti kunsi. Kunalibe windo, kupatula kabowo ka zitsulo koyang'ana mapazi a anthu odutsa mumsewu. Makoma ake ukawagwira dzanja linkanyowa.

"Kunsi kuja?"

"Nanga ukufuna ugone m'chipinda cha ana? Ana a kuno sagona ndi munthu wamkulu, akakanena kusukulu tidzaona zakuda. Ndi zakanthawi chabe. Kapena uli ndi kwina kopita?"

Anafunsa uku akuwongola kolala ya malaya a amuna awo, osandiyang'ana. Bedi langa silinathe kudutsa pamasitepe opapatiza a kunsi, choncho analipereka kwa anthu ena. Ndinatsitsa matilesi okha. Alamu anandipezera mapaleti awiri, matabwa aja amasanjikapo katundu m'masitolo, kuti matilesiwo asagunde pansi.

"Mwaona, mlamu?" anatero. Iwo nthawi zonse ankandiyankhula mwaulemu. "Apa mwakhala ngati pa hotela."

Mmisiri asanayambe ntchito, achemwali anandikhazika pansi. Anati bamboyo akandifunsa ndizinena kuti ndabwera kudzacheza. Anati ndisamuzolowere, chifukwa azungu amaseka nawe lero, mawa akakunenera. Ndipo m'mawa uliwonse iye asanafike ndizipinda matilesi ndi kuwabisa kuseri kwa makatoni.

Mmisiriyo ankafuna kubwera ndi munthu womuthandiza. Alamu anati palibe chifukwa, panyumba pano pali munthu wongokhala. Lole itatula njerwa mumsewu, inali ntchito yanga kuzilowetsa. Kuchokera pamsewu kufika pakhomo panali masitepe amiyala oti wilibala singakwere, ndiye ndinkanyamula m'manja ndi pachifuwa. Njerwa za m'kati mwa ng'anjo ndi zachikasu, zolemera kuposa zathu zootcha kumudzi. Ndinazinyamula mvula yowaza ikundinyowetsa, anthu oyandikana nawo akusuzumira pamakatani. Ndikamaliza ndinkasamba msangamsanga n'kuthamangira kusukulu kukatenga ana.

Choyamba kumangidwa chinali zipilala kunsi, chifukwa matabwa a pansi pa balaza sakanatha kusenza chinthu cholemera chotero. Zipilalazo zinadya theka la malo anga ogona. Kenako khoma linagwa. Tsiku limene mmisiri anachotsa thabwa lotseka chumuni chakale, kunatsika mwaye wa zaka zosawerengeka, zisa za mbalame ndi mafupa ake omwe. Mwayewo unadutsa nsalu zimene tinatchinga, unakwera mpaka m'zipinda za m'mwamba. Achemwali atabwera kuntchito anapititsa chala pa kabati yawo yoyera, n'kundionetsa.

"Tsiku lonse umachita chiyani?"

Ndinakolopa nyumba yonse ndi manja otupa, iwo atakhala pampando akuyankha mauthenga a gulu la amayi a kumpingo.

Komabe ndisaname, ntchito yomangayo ndinaikonda. Njerwa za ng'anjo sazimanga ndi simenti koma ndi dongo losakaniza ndi mchenga, ndipo dongo ine ndinkalidziwa kuyambira ndili mwana, pozira nyumba ndi amayi. Ndinkalikanda m'ndowa mpaka lisalale. Mmisiri sankayankhula zambiri, ndipo Chingerezi chake cha kumeneko ndinkachimva movutikira. Ankaika njerwa, kuigogoda, kuika ina. Nthawi zina ankandiitana ndi chala kuti ndione mmene tinjira ta utsi tikukhotera, kutsika, kudutsa pansi pa benchi, n'kukweranso. Ndikamupatsira ndowa ankathokoza. Nthawi ya tiyi ankanyema sangweji yake pakati n'kundipatsa theka. Ndinkadya nditaima pakhomo la khitchini, khutu lili kumsewu.

Ng'anjo itafika msinkhu wa m'chifuwa, tinkakweza chimwala chachikulu chophwatalala chotseka pamwamba pa malo a moto. Alamu anali panyumba tsiku limenelo ndipo anagwira mbali imodzi, ine ina. Foni yawo inalira m'thumba. Anasiya mwalawo osanena kanthu, ndipo unatsikira pa zala zanga ziwiri za kumanja. Mmisiri anautukula, anayang'ana zalazo, n'kuuza alamu kuti andithamangitsire kuchipatala.

"Akazi anga ndi a zachipatala, aziona akabwera," alamu anayankha.

Achemwali atabwera anazitsuka pa sinki ndi kuzimanga bandeji. Chala chapakati chinali chitapindikira kumbali.

"Achemwali, ndikuona ngati chathyoka."

"Chikathyoka ndiye chiyani? Ukufuna ukalembetse dzina lako kuchipatala, ndi adiresi ya nyumba ino? Ukudziwa kuti ine ntchito ingandithere chifukwa cha iwe? Imwa mapiritsi awa."

Patapita zaka ndinadzamva kuti kuchipatala akanandithandiza bwinobwino popanda vuto lililonse, ndipo achemwali ankadziwa zimenezo. Chalacho chinapola chokhota. Mpaka lero sichipindika. M'mawa mwake ndinakanda dongo ndi dzanja lamanzere.

Ng'anjo inatha masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Mmisiri anaipaka laimu, inayera mbee, ndipo anaika chitseko chagalasi choonetsa moto. Inali yokongola, zimenezo sindingakane. Anati tisafulumire kusonkha moto waukulu, dongo lingang'ambike. Tiyambe ndi timoto ting'onoting'ono mpaka iume. Popeza eni nyumba ankalawira kuntchito, anaphunzitsa ine: nkhuni zikuluzikulu pansi, zing'onozing'ono pamwamba, moto kuuyatsira pamwamba kuti uzitsika, ndipo chotsekera cha chumuni osachitseka mpaka khala lomaliza litazima. Anabwereza zimenezo kangapo, chifukwa ukatseka msanga mpweya woipa umabwerera m'nyumba n'kupha anthu. Anati adzabweranso pakati pa nyengo yozizira kudzaona ngati zonse zili bwino.

Itauma, tinasonkha moto weniweni. Madzulo ake nyumba yonse inafunda kwa nthawi yoyamba. Ana anavula masokosi n'kugona chafufumimba pa benchi ija akuseka. Ine ndinabwera ndi tiyi wa alamu, ndipo nditaika kapu ndinakhala kumapeto kwa benchiyo. Kutentha kunalowa mumsana, kunakwera mpaka m'khosi. Ndinali nditaiwala kuti thupi limatha kumva chonchi.

"Dzuka apo," anatero achemwali. "Zovala zakozo zikununkha kunsi. Laimu ameneyu sachedwa kuda."

Wamng'ono mwa ana aja anafunsa m'Chingerezi chifukwa chake anti sangakhale. Amayi ake anamuyankha kuti anti ali ndi ntchito kukhitchini.

Kenako zinthu ziwiri zinachitika. Choyamba, alamu anazimitsa zotenthetsera za gasi, poti zinalibenso ntchito. Mapaipi a madzi otentha ankadutsa kudenga la kunsi, ndipo ndi okhawo amene ankandipatsa kamfundizi pang'ono. Anazizira ngati chitsulo cha panja. Kutentha kwa ng'anjo kumakwera m'mwamba, sikutsika. Chachiwiri, kunabwera nkhuni zodzaza kalole, ndipo malo ozisungira anali kunsi komweko. Alamu anagula kachipangizo kobaya pankhuni kuti kaonetse ngati yauma. Loweruka lina anatsika nako, anabaya nkhuni zapansi, n'kupukusa mutu.

"Zikukoka chinyezi. Nkhuni zonyowa zimaononga ng'anjo." Anayang'anayang'ana, maso n'kugwera pa matilesi anga. "Mlamu, tabwerekeniko mapaletiwa. Inu ndikupezerani ena."

Ndinawathandiza kusanja nkhuni pa mapaleti anga. Ena aja sanabwere. Ndinayala makatoni, ndipo masiku angapo aliwonse ndinkasintha chifukwa ankafewa ndi madzi. Ndinkagona nditavala jekete ndi chipewa. Chifuwa chinayamba, chouma poyamba, kenako cha makhololo.

Khirisimasi itayandikira, achemwali anaitana anthu a kumpingo kuti adzadalitse nyumba. Anabwera ochokera ku Manchester ndi kwina, magalimoto anadzaza msewu. Ndinaphika kuyambira m'mawa: mpunga, nkhuku, mandasi, nyemba. Azibambo anazungulira ng'anjo alamu akufotokoza za tinjira ta utsi ngati anamanga ndi iwo. Azimayi ankasinthana pa benchi, kujambulana zithunzi, wina mpaka anati nyamakazi yake yatha. Abusa anaika dzanja pa njerwa zofundazo n'kupemphera. Achemwali anapereka umboni. Anati Mulungu wawadalitsa chifukwa chitseko chawo sichitsekedwa kwa ovutika, ndipo anandiloza ndi dzanja pamene ndinkadutsa ndi mbale.

"Uyu anabwera ndi chikwama chimodzi, wowonda ngati ndodo. Taonani lero."

Anthu anawomba m'manja. Ine chifuwa chinandigwira pomwepo, ndinatsokomola mpaka mbale zinagwedera. Achemwali anandiyandikira akumwetulirabe n'kundinong'oneza kuti ndikatsokomolere kukhitchini. Mayi wina wachikulire wa ku Salford, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ananditsatira.

"Mwanawe, chifuwa chimenechi si chabwino. Umagona kuti?"

Ndisanayankhe achemwali anali atafika pakhomo. "Ali ndi chipinda chakechake, amayi. Kuposa ana anga, amene amagona awiri."

Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Pochoka anandigwira dzanja lopunduka lija n'kulisisita, n'kundisiyira nambala ya foni.

Mmisiri anabwera mu Januwale, tsiku limene sitinkamuyembekezera. Kunali kutagwa chipale chofewa ndipo alamu ankagwirira ntchito panyumba. Ine ndinali nditasonkha moto, kuperekeza ana, n'kubwerera kukagona chifukwa thupi linkatentha. Ndinamva mawu m'mwamba, kenako mapazi pamasitepe. Ankabwera kudzaona ngati zipilala zake zili bwino. Nyali itayaka anandipeza ndili pa makatoni, nditadzikulunga bulangete, pambali pa nkhuni zosanjidwa bwino.

Anayang'ana chikwama changa, mswachi uli m'kapu, Baibulo lotupa ndi chinyezi. Anandifunsa ngati ndimagona pamenepo. Ndinati ayi, ndangopumula. Anandifunsanso. Ndinangokokera bulangete kukhosi. Anavula chijasi chake chaubweya n'kundifunditsa, kenako anakwera.

Sindinamve mawu onse, koma ndinamva kukwera kwake. Bambo wofatsa uja ankakalipa. Anati galu wake sangamugoneke malo ngati amenewo. Anati akadzabweranso n'kundipeza kunsi adzakauza oyenera kuuzidwa. Chitseko chinamenyeka. Ndinagona pamenepo, ndipo mwauchitsiru ndinaganiza kuti mwina tsopano andilola kuyala pabalaza.

Achemwali atabwera madzulo ananditumizira mwana kuti ndikwere. Anawauza ana apite m'mwamba. Alamu anakhala pa benchi akuyang'ana pansi.

"Unamuuza chiyani mzungu uja?" anafunsa achemwali.

"Sindinamuuze kanthu, achemwali. Anangondipeza."

"Anangokupeza. Chijasi chake chikutani pathupi pakopo? Masangweji aja unkaganiza kuti sindikudziwa?"

"Achemwali, ndikudwala."

"Ife takusunga, takudyetsa, ndiye iwe ukutiitanira apolisi pakhomo? Ukufuna ana anga atengedwe ndi boma?"

Ndinagwada. Ndinapepesa chinthu chimene sindinachite. Ndinati ndizigona kunsi komweko, ndizibisa matilesi bwino, sadzandipezanso. Alamu anayankhula motsitsa mawu.

"Mlamu, musationere moipa. Nkhani yafika povuta. Mungachite bwino kupeza kwina pofika Lamlungu."

Ndinaimbira mayi wa ku Salford uja, chifukwa panalibe wina. Anati ndibwere. M'mawa wa Lamlungu, chikwama changa chili kale pakhomo, achemwali anandiitana pabalaza.

"Usanapite, undionetse kayatsidwe ka chinthuchi."

Ndinagwada pa chitseko chagalasi ndi kuwaonetsa: zikuluzikulu pansi, zing'onozing'ono pamwamba, chotsekera osachikhudza mpaka makala azime. Ndinabwereza za chotsekerazo kawiri chifukwa cha ana. Iwo ankajambula pafoni kuti asaiwale. Nditamaliza anati nditulutse phulusa ladzulo, poti ndinali nditadetsa kale manja. Ana anawatsekera m'mwamba kuti asandione ndikupita. Alamu anandisiya pa siteshoni n'kuthamangira kutchalitchi.

Mayi wa ku Salford ananditengera kuchipatala tsiku lotsatira. Chinali chibayo, ndipo anandigoneka. Palibe anandimanga, palibe anandifunsa zoopsa zimene ndinkauzidwa zija. Nditatuluka ndinkagona pa sofa m'kafulati kawo, ndipo ndi iwo amene anandipezera anthu othandiza pa nkhani ya mapepala. Nkhaniyo inatenga zaka, koma inatheka. Lero ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Salford komweko.

Koma ndili pa sofa paja, ndisanapezenso mphamvu, amayi anga anandiimbira kuchokera kumudzi. Sanandifunse za thupi. Mawu awo anali olemera.

"Mwana wanga, watichititsa manyazi."

Achemwali anali ataimba kale kumudzi. Anauza amayi awo, amayi awo anauza mudzi wonse, kuti anandipeza ndi mmisiri wachizungu m'chipinda cha pansi masana, ana ali m'nyumba, ndipo atandilangiza ndinalongedza n'kuthawa. Anati mpaka chijasi cha mwamunayo ndinapita nacho.

"Amayi, si zoona. Mundimvere kaye."

"Chijasicho uli nacho kapena ulibe?"

"Ndili nacho, koma..."

"Basi. Mkulu wako anakutola pamsewu. Denga la nyumba ino anakhoma ndi iye. Ine ndiziyenda bwanji pamudzi pano? Umuimbire, umupepese."

Ndinayesa kufotokoza za makatoni, za chala, za chifuwa. Amayi sankatha kuona m'maganizo mwawo nyumba ya ku Ulaya yokhala ndi dzenje pansi pake. Iwo anaona zithunzi za ng'anjo yoyera ndi azimayi ovala bwino atakhala pa benchi, ndipo ine ndinali pa chithunzi chimodzi, kumbuyo, nditanyamula mbale ya mandasi. Anati munthu wozunzika saoneka choncho. Anayamba kulira, nati sadzadya mpaka amve kuti ndapepesa. Amayi anga anali ndi matenda a shuga.

Ndinaimba tsiku lomwelo. Achemwali anayankha atadikiritsa. Ndinati ndalakwa, andikhululukire. Kumbuyo ndinkamva ana akuseka.

"Ine ndine Mkhristu," anatero. "Ndinakukhululukira kalekale. Koma kuno usadzabwerenso, anawa akukula."

Amayi anadya. Anamwalira mapepala anga asanatuluke, choncho kumaliro sindinapite. Achemwali anapita, anagula bokosi, ndipo ndi iwo amene anayankhula m'malo mwa ana.